Lamulo la Chipeso mu Ufumu wa Ndamvakale

Kudacha ndi nkhungu Lolemba limenelo, ndipo pamene belu la kunyumba yachifumu linkalira kasanu ndi kawiri, dzuwa lidali lisanatsimikize ngati lituluke kapena ayi. Mu Ufumu wa Ndamvakale ngakhale dzuwa limayamba laona kumene mphepo ikulowera.

Gerevaziyo Chimtengo, wokonza mawotchi pamsika wa Tikambenji, adatsika panjinga atafika pamphambano ya Khalachete, chifukwa adapeza anthu ataunjikana, makosi onse ali m'mwamba. Nayenso adakweza maso. Pachikwangwani chachikulu, chotalika ngati nyumba yosanja, padali nkhope ya munthu: tsitsi lili nyankhalala, maso ali psuu, pakamwa pali yasa, zomvera za wailesi zitakanirira m'makutu. M'munsi mwake adalembamo ndi zilembo zofiira kuti: KODI AMUNA ANU AMALANKHULA NDI MPHEPO? APATSENI MAPILITSI A PHEE. Pakona padali tizilembo taulemu tonena mwini malondawo: Kampani ya Mlamu ndi Ana Ake.

Gerevaziyo adayang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira wotchi yakufa asanaitsegule. Nkhopeyo idali yake.

"A Ova, mwatchukatu," adatero mayi wina wogulitsa zitumbuwa. "Enafe tidzafa osajambulidwa n'komwe."

"Koma mano akuyeretsani bwino," adatero wakabaza amene adaima pambali pake. "Pamenepo pokha athokozeni."

Dzina lakuti Ova lidabwera motere. Mu ufumu monsemo mudali anthu khumi ndi mmodzi amene ankadzilumikizira okha wailesi zolankhulirana, naimika nsungwi zazitali kuseri kwa nyumba zawo, namangapo mawaya. Akaweruka kuntchito ankalankhulana okhaokha ndiponso ndi anzawo a kutsidya kwa mapiri. Mwambo wawo udali wokhwima: zandale ayi, zachipembedzo ayi, zamalonda ayi. Munthu ankatchula dzina lake, kunena ngati mnzake akumveka bwino, kufotokoza za nyengo, kenaka n'kutseka ndi mawu akuti "ova" kuti winayo alankhulepo. Anthu a pamsika ankadabwa kwambiri ndi anthu amene amadikira mnzawo kuti amalize kulankhula, ndipo ankawaganizira kuti mwina mitu yawo siikoka bwino.

Komatu Gerevaziyo adali munthu waudongo. M'mawa uliwonse ankapesa tsitsi n'kulemba mzere wowongoka kumanzere, ndipo chipeso chinkagona m'thumba la malaya pamodzi ndi chiphaso chake cha wailesi. Pa moyo wake wonse adaoneka ngati munthu wa pachikwangwaniyo kamodzi kokha.

Padali patapita zaka ziwiri chisefukireni mtsinje wa Bwerezani. Mlatho udapita, mafoni adafa, ndipo Gerevaziyo adasenza wailesi yake ndi batire ya galimoto n'kukwera nazo pachitunda cha tchalitchi. Masiku atatu adakhala pamenepo osagona, osasamba, akuitana mabwato ndi kuwalozera madenga ndi mitengo momwe mudali anthu. Adapulumuka anthu mazana anayi. Tsiku lachitatu kudafika wojambula wa nyuzipepala ya kunyumba yachifumu, namujambula. Koma nyuzipepalayo itatuluka idalengeza kuti Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachitatu ndiyo idamva kulira kwa anthu ake kutulo, nitumiza mabwato. Chiyambire pamenepo dziko limapuma chaka chilichonse pa Tsiku la Loto. Chithunzi chija chidalowa m'kabati, ndipo m'kabati za ku Ndamvakale kiyi amasunga ndi mlamu wa Mfumu.

Gerevaziyo sadadandaule nazo za lotolo, chifukwa chigumulacho chidamusiyira chinthu china. Pakati pa anthu amene adatsika m'bwato tsiku lachitatu padali Eneleti Nasibeko, telala wa pamsika womwewo, ndipo tsopano chinkhoswe chawo chidali Loweruka la sabata yomweyi imene chikwangwani chidaoneka.

Atachoka pamphambano paja, Gerevaziyo adampeza Eneleti pakhonde la sitolo akupalasa makina. Pabenchi padali patakhala malume ake, a Dzoole, amene adagwira ntchito ya umesenjala kunyumba yachifumu pansi pa mafumu atatu, napulumuka onsewo chifukwa chosamaliza chiganizo.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

"Tadzuka, kaya... Eya. Ndadzera pamphambano paja, ndiye... Ayi, anthutu akuti... Basi."

"Amalume, si inu nomwe mudatsika mumtengo wa mango tsiku lija?" adatero Eneleti, phazi lili pamakina. "Mukudziwa bwino kumene nkhope ija idachokera."

"Iwe, mtengo uja ndidakwera ndekha, ndipo amene adanditsitsa ndi..." A Dzoole adaloza chakunyumba yachifumu ndi chibwano. Kenaka adaimirira, nakonza jekete, nalankhula chiganizo chathunthu, choyamba m'zaka zambiri. "A Chimtengo, mwana wa mlongo wanga sindingampereke kwa munthu amene dziko lonse likumutcha wamisala. Mukadzabwera Loweruka muli munthu wa pachikwangwani uja, msoti wanga sudzatuluka m'manja mwangamu."

Gerevaziyo adamvetsa. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi napereka msoti, ndipo nkhukuzo zikapanda kusinthana manja, ukwati palibe.

Lachitatu m'mawa adapita kukadandaula ku Bwalo Loona za Choonadi pa Malonda. Bwaloli lidali lotchuka ndi kukhwima kwake. Lidalangapo kampani ya sopo chifukwa cholemba kuti sopo wake amayeretsa koposa, pamene aliyense akudziwa kuti choyera koposa ndi mtima wa Mfumu. Lidalamulanso mayi wina amene ankafuula kuti "nkhuku zonona" kuti azifuula kuti "nkhuku zimene ine ndikuziona ngati zonona." Pampando padali Nduna ya Maonekedwe, Olemekezeka a Chaonekabwino, ndipo kumanja ndi kumanzere kwawo kudali aphungu asanu ndi mmodzi amene ntchito yawo idali kugwedeza mitu.

Gerevaziyo adavula chipewa, naima mowongoka, nafotokoza dandaulo lake mwadongosolo. Adati chikwangwanicho chikunyazitsa iye pamodzi ndi anzake khumi, amene ndi anthu odekha, osunga malamulo, ndipo ena mwa iwo ndi akulu a mpingo. Atamaliza adaiwala pamene adali, nati, "Ova."

Aphungu adayang'anizana. Kalaliki adalemba.

"A Chimtengo," idatero Nduna, "bwalo lino lili ndi funso limodzi lokha pa malonda alionse: kodi ndi oona kapena ndi abodza? Tiyeni tiyende pang'onopang'ono. Nkhope ili apoyo ndi ya yani?"

"Ndi yanga, Olemekezeka."

"Tsitsilo adachita kukumatani?"

"Ayi, ndi langa."

"Mukamalankhula pa chipangizo chanucho, m'chipindamo mumakhala munthu wina?"

"Ayi. Mawuwo amayenda mumlengalenga mpaka..."

"Mumphepo."

"Tingatero, Olemekezeka."

"Si ife tikutero, mwatero ndinu. Lembani, akalaliki." Nduna idapinda manja pamimba. "Tsono chatsala ndi chimodzi. Mukuti simuoneka chonchi masiku onse. Tiuzeni: tsiku limenelo chidachitika n'chiyani kuti muoneke chotere? Munkatani?"

Kumbuyo kwa Nduna, pakhoma, padali chithunzi chachikulu cha Mfumu ili mtulo pamtsamiro wagolide, mabwato akutuluka m'khutu mwake. Gerevaziyo adachiyang'ana chithunzicho, nayang'ana asilikali awiri amene adaima pakhomo. Yankho lidali pakamwa pake, lalifupi ndi loona, koma adadziwa kuti ku Ndamvakale mabwato aja sangakhale ndi owaitana awiri.

"Ndinkamvetsera za nyengo, Olemekezeka."

"Masiku angati?"

"Atatu."

"Osagona?"

"Osagona."

"Hmm," idatero Nduna mwachifundo, ndipo mitu isanu ndi umodzi idagwedezeka. "Mapilitsi aja mudawayesako?"

Phungu wina wokalamba, amene mwina adali asanadzuke bwinobwino, adakweza dzanja. Adati pali vuto. Munthu amene waima pamaso pa bwaloyu tsitsi lake ndi lopesa, maso ake ndi oyera. Wodutsa pamphambano akaona chikwangwani, kenaka n'kukaona munthuyu pamsika, adzati chimodzi mwa ziwirizi chikunama.

Nduna idayamikira kwambiri mfundoyo. Idati pamenepo ndiye pagona nkhani. Malonda abodza saloledwa mu ufumu uno. Chikwangwanicho n'cha Kampani ya Mlamu ndi Ana Ake, choncho sichinganame. Ndiye kuti cholakwikacho chili kwina, ndipo bwalo lidzachikonza.

Chigamulo chidawerengedwa pamsika Lachinayi masana, lipenga litalira katatu. Mlengezi adakwera pathumba la chimanga nawerenga kuti, pofuna kuteteza anthu ku malonda onyenga, kuyambira tsiku lomwelo munthu aliyense wokhala ndi chiphaso cha wailesi yolankhulirana azioneka monga momwe chikwangwani chikumuonetsera. Tsitsi liziima kosachepera zala zinayi. Chipeso n'choletsedwa. Maso akhoza kukhala oyera pa Sabata pokha. Wopezeka atapesa alandidwa chiphaso pamodzi ndi wailesi, ndipo nsungwi yake idzazulidwa. Pofuna kuti lamulolo liyende bwino, Mfumu mwa chisomo chake yakhazikitsa udindo wa Woyeza Tsitsi, ndipo yaupereka kwa a Pindani, mwana wachiwiri wa Mlamu.

Anthu adaomba m'manja monga mwa lamulo, kenaka adabwerera kumalonda awo.

"Ndi nzerutu zimenezi," adatero wogulitsa nsapato za kaunjika. "Nsapato ikakuthina, umasema phazi."

"Bola sadajambule munthu wa mwendo umodzi," adatero mayi wa zitumbuwa uja.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," adang'ung'udza wometa tsitsi, amene adali atataya makasitomala khumi ndi mmodzi nthawi imodzi. Atazindikira kuti walankhula mokweza, adaonjeza msanga kuti akunena za makoswe a kunyumba kwake.

Gerevaziyo adamva zonsezi ali pakatebulo kake, galasi lili padiso, akubwezera kasipuling'i m'wotchi ya mphunzitsi wina. Kasipuling'iko kadamuthawa kanayi. Nkhaniyo adaiona bwino ngati mkati mwa wotchi: akapesa, wailesi yapita, akapanda kupesa, Eneleti wapita. Mapanga awiri avumbwitsa.

Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, adayatsa wailesi yake, ndipo mumtima adati n'komaliza. Adamuyankha ndi a Bisiwasi Nkhwazi, mphunzitsi wopuma amene ankakhala kumapiri, kumene Bwerezani amayambira.

"Ndikukumvani bwino lomwe, a Chimtengo. Kuno mvula yagwa masiku anayi osakata. Madzi akwirira mwala wachiwiri pa dooko. Chaka chija adasefukira atafika pa wachitatu. Ova."

"Ndamva, a Nkhwazi. Kuno kuli mitambo chabe. Nanga zinazi zikuyenda bwanji? Ova."

"Zinazo mwambo wathu sulola kukamba. Ndingonena za nyengo ya pamutu pangapa: monga mukudziwa, ndi dazi. A Woyeza anafika dzulo, andipatsa miyezi itatu kuti limere. Mwa a wailesi a kumunsi kwa mtsinje mwatsala ndinu nokha, a Chimtengo. Anzathu a Fulatira abweza chiphaso, akazi awo akana kugona ndi chitsamba. Muzitchera khutu masiku ano. Ova."

Gerevaziyo adadina batani. Kenaka adati, "Ndamva," nazimitsa, naphimba wailesiyo ndi nsalu imene Eneleti adaisokera.

Loweruka kudacha kwamitambo. Adasamba, navala suti yotuwa, napesa tsitsi mofatsa, nalemba mzere uja kumanzere, wowongoka kuposa masiku onse. Chiphaso adachiika m'envulopu. Mkulu wake Sitefano, amene adali nkhoswe yake, adanyamula tambala wofiira, ndipo adayenda onse awiri mpaka kwa amayi a Eneleti.

Pabwalo padali mphasa, mipando yobwereka kutchalitchi, ndi anthu ochuluka kuposa amene adaitanidwa, chifukwa msika wonse udafuna kuona mutu umene ubwere. A Dzoole adakhala kutsogolo, msoti woyera uli pamiyendo. Pambali pawo, pampando wabwino kuposa yonse, padali a Pindani, Woyeza Tsitsi, atavala yunifomu yatsopano, rula yachitsulo ili m'manja. Adati abwera pantchito, koma mbale ya thobwa adali atalandira kale.

A Dzoole ataona mutu wopesawo adapuma mozama. "Eya. Apa ndiye... Basi, tingathe..."

A Pindani adaimirira, naika rula pamutu pa Gerevaziyo, nawerenga. "Chala chimodzi, mwinanso kuchepera. Bambo, mukuchititsa chikwangwani cha boma kunama. Chiphaso."

Gerevaziyo adatulutsa envulopu ija. Adatambasula dzanja kuti aipereke kwa a Pindani. Chakumapiri kudamveka kugunda kwa mvula, kwapansipansi, ndipo anthu angapo adacheuka.

"Tadikirani kaye, achimwene."

Adali Eneleti. Adadzuka pamphasa pamene adakhala ndi anamkungwi ake, chitenje chili kumutu, nayenda pakati pa bwalo, chinthu chimene mkwatibwi sachita. Adalanda envulopu ija naibwezera m'thumba la Gerevaziyo. M'thumba momwemo adatulutsa chipeso, nachilowetsa m'chilundu chake. Kenaka adalowetsa zala zonse khumi m'tsitsi la mwamunayo, nalivundula kuchokera kumphumi mpaka kunkhongo, mosafulumira, monga amasasira thonje la pilo. Mzere uja udafafanizika.

"A Gere, weramani pang'ono, kumbuyoku sindikufikira."

Gerevaziyo adawerama.

"Yezaninso," adatero Eneleti.

A Pindani adayeza kutsogolo, nayeza pakati. "Zala zinayi ndi theka. Munthuyu tsopano ndi woona." Adatulutsa chidindo, nayang'ana poti adinde, ndipo atasowa, adasolola envulopu ija m'thumba la Gerevaziyo, nadindapo, naibwezera.

Eneleti adagwada pamaso pa malume ake, naomba m'manja mwaulemu, nalankhula mokweza kuti a Woyeza amve bwino.

"Amalume, tsiku lija Mfumu yathu idalota, Mulungu aisunge, ine ndidatsika m'bwato ndi amayi, inu mudatsika m'bwato lotsatira, nsapato imodzi mulibe. Tidakwera pachitunda, ndipo tidapeza munthu atakhala pansi, ali chonchi. Sindikunena kuti ankatani. Mwina ankangomvetsera za nyengo. Koma ine ndidamufuna tsiku limenelo, ali chonchi, wopesayu ndidachita kumuzolowera pambuyo pake." Adaima pang'ono. "Nyumba yanu ili m'mbali mwa Bwerezani, amalume, ndipo mtengo wa mango uja mudaudula. Kumapiri kukugunda. Mfumu ikadzafuna kulotanso, ndi bwino zipangizo zake zikhale zilipo."

"Mawu okhulupirika kwambiri," adatero a Pindani, akupukuta thobwa pamilomo. "Ndikawanena kunyumba yachifumu."

Kumbuyo, mayi wa zitumbuwa adauza mnzake monong'ona, koma bwalo lonse lidamva: "Paja akulu adati wamisala adaona nkhondo."

Maso onse adatembenukira kwa a Dzoole. Gerevaziyo adaima pakati pa bwalo, suti yotuwa, tayi yowongoka, mutu uli nyankhalala ngati chisa chimene mphepo yachigwetsa, ndipo adadikira monga adazolowera, kuti winayo alankhulepo.

A Dzoole adatsegula pakamwa. Adayang'ana yunifomu ya a Pindani, natseka. Adayang'ana mutu wa Gerevaziyo, natsegulanso. Adayang'ana chakumapiri, kumene thambo lidali litada bii, ndipo dontho loyamba lidagwera pa jekete lawo. Adaliyang'ana dontholo nthawi yaitali.

Kenaka adaimirira. Adaika msoti uja pamapazi pa Gerevaziyo, miyendo ili chimangire. Adapita kwa Sitefano, natenga tambala wofiira, namupanira m'khwapa. Adavala chipewa, nadutsa pakati pa mipando, natuluka pampanda, nalowera njira yotsikira kumtsinje, kumene kudali nyumba yawo, osatembenuka.